Njinga Yosayenda Inandigwetsa

Nkhani iyi kwathu ku Ntcheu sakuidziwa, ndiye mukakumana ndi mkazi wanga chonde mungomupatsa moni n'kudutsa. Ine amene ndinakula ndikutsitsa matumba a kachewere pa njinga kuchokera ku Tsangano, osagwa ngakhale kamodzi, ndinadzagwa kuno ku Doha pa njinga yoti siyenda n'komwe. Yongokhala pamalo amodzi. Ndipo ntchito inatsala pang'ono kugwera pomwepo.

Ndimagwira ntchito yoyeretsa pa hotela ina yaikulu. Nthawi imeneyo gawo langa linali jimu, chipinda chomwe alendo amalimbitsiramo thupi. Basi ya kampani inkatitenga ku Umm Ghuwailina, komwe timagona, m'mamawa, pofika faifi koloko ndili kale ndi kansanza m'manja, kupukuta makina alendo asanayambe kulowa sikisi. Supavaiza wathu, mkulu wina wa ku Egypt, anali ndi lamulo lomwe ankalibwereza ngati pemphero: katundu wa alendo timamukhudza ndi kansanza basi. Mnzathu wina wa ku Nepal anangoviika mapazi m'dziwe losambiramo alendo, sabata isanathe anali m'ndege. Kwa ine ndege yoteroyo ikanatanthauza kukafika kwa mkazi ndi ana atatu chimanjamanja, nyumba yomwe tikumanga ili pa mawindo.

Tsiku lina anabweretsa njinga yatsopano yokhala ndi sikirini yaikulu kutsogolo. Ndikupukuta, chinthu chija chinayaka chokha. Abale inu! Kamsewu kakang'ono kokhotakhota m'mapiri, uku ndi uku minda ya mphesa ili m'mizere, yobiriwira kuti biriwiri. Galimoto ayi, minibasi ayi, ngakhale mbuzi yodutsa pamsewu. (Mphesa ine ndinkangozimva kutchalitchi. Poyamba ndinayesa ndi tomato womangirira ku timitengo.) Inu simungamvetse ngati simunakhaleko kuno. Doha ndi wosalala ngati thebulo. Zaka ziwiri ndinali ndisanakwereko chitunda, kupatula masitepe.

Ndinayang'ana kukhomo. Ndinakwera.

Chodabwitsa chake, msewu wa pa sikirini ukayamba kukwera, mapedulo nawo ankalemera. Miyendo yanga inadzuka ngati yamva kuitana kwa amayi. Makina aja anafunsa dzina, ine mwanzeru zanga ndinalemba kuti Kachewere, poganiza kuti ndabisala. Tsiku loyamba ndinapalasa mphindi zisanu. Mawa lake khumi. Sabata ziwiri zisanathe ndinali nditadziwa kona iliyonse, mpaka kanyumba ka miyala kokhala ndi chitseko chabuluu ndinkakapatsa moni podutsa.

A Mbewe, akulu amene timagona nawo chipinda chimodzi, ndi a sekiyurite pa hotela yomweyo, ndipo ntchito yawo ndi yoyang'ana makamera. Madzulo ena tikudya anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Iwe mphwanga, m'mawa uliwonse ndikumaonera filimu yako. Ine ndimayang'ana kumbali, koma tsiku lina ndidzakhala pa ofu."

"Akulu, ndi maminitsi teni okha. Thupi limafuna chitunda."

"Thupi lako likufuna chitunda, ana ako akufuna sukulu. Khalas, basi, ine ndanena."

Ndinavomera ndi pakamwa. Lachinayi lotsatira, a Mbewe ali pa ofu (ndinadziwa bwinobwino, musandikhululukire), ndinasankha chitunda chachikulu kuposa zonse, chomwe pamwamba pake pali tchalitchi chakale. Masiku onse nthawi inkandithera ndikangofika pamwamba, n'kutsika njinga msangamsanga. Tsikuli ndinati ndikaone zomwe zili kuseri. Ndinamanga mapazi m'malamba a mapedulo, ndinakunga bwino, n'kuyamba.

Ndinakwera chitunda chija ngati kumbuyo kuli matumba awiri ndipo msika ukutha. Kuimirira pa mapedulo, thukuta kamukamu, yunifolomu yonse yonyowa, pakamwa ndikudzilimbikitsa ndekha kuti tiye mwana wa Angoni, tiye! Ndinafika pa tchalitchi. Kutsogolo kunatseguka mtsetse wautali, mphesa mbali zonse, kumunsi kutali kukung'anima mtsinje. Mapedulo anapepuka. Ndinawathamangitsa mpaka chitsulo chakutsogolo chikulira ngati chigayo.

Apa m'pamene ndinachita chimene munthu aliyense wa kwathu amachita akafika pa mtsetse. Ndinasiya kupalasa kuti njinga iziyenda yokha, ndinachotsa manja pa handulo, ndinayamba kuimba likhweru.

Njinga imeneyo sidziwa zimenezo. Kutsogolo ili ndi chitsulo cholemera chomwe chikazungulira chazungulira, ndipo mapedulo amapita nacho limodzi, ufune usafune. Miyendo yanga inaima, mapedulo sanaime. Anandinyamula pa chishalo n'kundiponya cham'mbali. Phazi limodzi linasololoka, linalo linatsala m'lamba, mwendo wa thalauza unakulungika pa pedulo, ndipo ndinangomva kuti kweee, kuyambira kuchidendene mpaka m'chiuno. Chakomachakoma pusi anagwa chagada, ine ndiye pusi wake: msana pansi, mwendo umodzi m'mwamba, kabudula wam'kati ali pa mbalambanda. (Pali kabatani kofiira koimitsira chitsulo chija. Ndinkakapukuta tsiku lililonse osadzifunsa kuti n'kachiyani.)

Chitseko chinatseguka. Analowa mayi wina wachikulire, mzungu wa imvi mbuu, botolo la madzi m'manja. Anathamanga n'kumasula phazi langa, anandiponyera tawulo kuti ndidzifunditse. Ndisanathokoze n'komwe, supavaiza anatulukira ali wefuwefu. Mlonda amene anali pa makamera tsikulo anali atamuimbira kale.

"Habibi," anatero ndi mawu ozizira (habibi ndiye kuti wokondedwa m'Chiarabu), "chikuchitika n'chiyani pano?"

"Bwana, ndimapukuta mapedulo."

"Ndi mapazi?"

M'maso mwanga munkangobwera nkhope ya mkazi wanga akundichingamira pa bwalo la ndege la Kamuzu, ine ndili ndi kachikwama kamodzi. Ndinachita mantha enieni, sindikubisa. Ngati kuti zimenezo sizinakwane, sikirini inayamba kuthwanima nyenyezi, n'kulemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti Kachewere wakhalanso woyamba pa chitunda cha tchalitchi.

Mayi aja anayang'ana sikirini, anayang'ana ine pansi.

"Kachewere ndi inu?"

Ndinagwedeza mutu ngati wakuba nkhuku.

Anaseka mpaka kugwira khoma. Kunapezeka kuti mwezi wotsatira ankapita ndi mchemwali wawo kukapalasa msewu womwewo, weniweniwo, kudziko la mphesako, ndiye m'mawa uliwonse ankakonzekera pa njinga imeneyi. Tsiku lililonse ankapeza pa sikirini dzina lomweli lili pamwamba pa lawo. Anafika mpaka pokafunsa ku risepushoni kuti mlendo ameneyu akugona chipinda chiti. Supavaiza yemweyo ndi amene anafufuza m'mabuku a alendo masiku awiri, kufuna bwana Kachewere.

"Tandiuzeni," anatero mayiwo, atakhala pansi pafupi nane, "kona yomaliza ija mumaikwera bwanji? Ine ndimathera pomwepo."

Tangoganizani. Munthu ndili pansi, ndafunda tawulo ngati wochokera kubafa, ntchito ikulendewera, ndikuphunzitsa mzungu kukwera chitunda. Ndinawauza kuti asakhale pa chishalo, aimirire, thupi aziligwetsera mwendo uno kenako uno, ndipo pamwamba asayang'anepo chifukwa pamafooketsa, aziyang'ana patsogolo pa tayala. Anamvetsera ngati ndine dokotala. Kenako anatembenukira kwa supavaiza.

"Bambo awa asachotsedwe ntchito chifukwa cha zimenezi. Mundilonjeze pompano."

"Mafi mushkila, madamu," iye anayankha akumwetulira, kutanthauza kuti palibe vuto. Koma maso amene anandiponyera ine ankanena kuti vuto lilipo, lalikulu.

Masiku atatu sindinamve kanthu. Mkazi wanga akaimba foni ndinkangoti netiweki ikuvuta. A Mbewe sananditukwane, ankangopukusa mutu, zomwe zinkawawa kuposa kutukwana. Lamlungu m'mawa supavaiza anandiitana ku ofesi n'kundikankhira pepala. Maso anga anathamanga mzere ndi mzere kufunafuna mawu oti tikiti. Munalibe. Inali kalata ya chenjezo, komanso yondisamutsira kochapira zovala, pansi penipeni pa hotela. Ndinasaina mwachangu mpaka cholembera chinaboola pepala. Nditatuluka ndinakakhala pa masitepe akumbuyo, ndikuseka ndekha misozi ikutsika. Kenako ndinaimbira mkazi wanga, netiweki itachira mwadzidzidzi.

Pano ndimapinda matawulo kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo sindidandaula. Tsiku lina a Mbewe anandifunsa ngati ndatolapo phunziro.

"Ndatola akulu. Kunja kuno ngakhale pa mtsetse, mwendo suupumitsa."

Anavomera, anati tsopano ndakula. Chimene sindinawauze n'chakuti mpaka lero chimandiwawa n'chimodzi: mtsetse uja ndinangoulawa, ndipo kumtsinje kuja sindinafikeko.