Pempho M'bokosi la Kiyibodi

Nkhani iyi ndinkafuna ifere ku Mwadzama komweko, koma poti alamu anga akumaifotokoza mokometsera paliponse pamene pali bawo, bola ndiinene ndekha. Sekani, ndazolowera. Manyazi ake ndi aja oti ukawakumbukira uli m'bafa wekha umangopezeka wakuwa.

Ine ndimagulitsa mu shopu ya hadiweya pa Dwangwa. Mkazi wanga Esinati ndi mphunzitsi, kwawo ndi ku Mwadzama. Tili ndi ana atatu: Tadala wa sitandade 4, Yamikani amene wangoyamba kumene sukulu, ndi Pempho, kamunthu ka zaka zitatu koma mawu ake ngati wogulitsa usipa pamsika.

Holide itayandikira, apongozi anaitanitsa zidzukulu zawo. Esinati anali akuyang'anira mayeso mpaka Lachisanu masana, ndiye anati tidikire Loweruka tidzakwere minibasi tonse.

Ine ndinakana. Kumudzi kumene kuja amanditcha mkamwini wa kabaza, chifukwa nthawi zonse ndimafika nditakhala kumbuyo kwa njinga, fumbi mpaka m'nsidze. Dzina limeneli linkandiwawa zedi. Tsono laisensi ndinali nditangotenga kumene, ndipo a Juma, aneba athu, anali atavomera kundibwereka pikapu yawo Lachisanu lokhalo.

"Ana ndinyamuka nawo ndekha m'mawa. Inu mutipeza," ndinatero.

"Inuyo, bambo a Tadala? Ana atatu? Simufika pa Bua asanakulizeni."

"Mayi a Tadala, ndikafika nawo ali phee, ndipo mudzi wonse ukatuluka kudzandilandira!"

Mbali yachiwiriyo inachitikadi.

Lachisanu ndinadzuka ndi mapulani. Kutsogolo kwa pikapu ya a Juma kumatentha ngati uvuni ya njerwa, ndiye ndinaikako belo la shuga wa apongozi, ana ndikuwayalira matiresi kumbuyo. Tenti inalibe. Ndinakwera mumtengo wa mango, ndikusadza nthambi zamasamba ambiri, ndikuzimangirira kuzitsulo kuzungulira konse. Mthunzi wa mahala!

Vuto lina linali Pempho, amene akagona amagubuduzika. Ine ndimaimba besi mukwaya, ndiye ndinakabwereka bokosi losungiramo kiyibodi: lalitali, lamatabwa, lopaka vanishi, lokhala ndi zogwirira m'mbali. Ndinachotsa chivundikiro, ndikuyalamo bulangete. Pempho, amene usiku wonse sanagone poganizira za ulendo, analowamo yekha mosangalala, ndipo tisanatuluke n'komwe pageti anali atagona. Poopa ntchentche ndinamufunditsa lesi yoyera ya patebulo lathu la pasitingirumu.

Tadala ndinamupatsa waya wa kushopu ndi maluwa ofiira amene ndinathyola pampanda wa a Juma.

"Uwapangire agogo ako kanthu kokongola."

Mwana waluso ameneyu anapinda wayayo mozungulira, n'kulukapo maluwa onse. Nditaona kuti mphepo ikuulutsa lesi, ndinamuuza kuti atsindire ndi chinthu chakecho pamwamba pa bokosi. Yamikani ndinamupatsa foni yanga kuti azionera makatuni. Ine ndinavala suti yanga yakuda ya paukwati, chifukwa munthu sufika pagalimoto kwa apongozi utavala tisheti.

Chomaliza chinali liwiro. Yamikani galimoto ikathamanga amasanza, ndiye ndinaganiza zoyenda pang'onopang'ono, nditayatsa mahazadi monga anatiphunzitsira kudiraivingi. Kungoti mawaya a pikapu ya a Juma ali ndi nzeru zawozawo: ukayatsa mahazadi, nyali zakutsogolo nazo zimayaka. Ndinati zilibe kanthu, tizioneka bwino.

Tinalowa mumsewu wa M5 ngati akuluakulu.

Tisanamalize n'komwe minda ya nzimbe, foni inatha moto.

"Adadi, yazima!"

"Yang'ana mitengo."

"Sindikufuna mitengo! Ndikufuna amayi!"

Yamikani anatsegula kukamwa. Tadala, amene waya unali utamubaya chala, anati nanenso ndisatsale. Awiriwiri: "Amayi! Amayi athu! Tikufuna amayiii!"

Koma bambo wokonzeka sasowa chochita. Pali nyimbo ina ya kukwaya, yapansipansi, yokoka, imene ndinkawagonetsera ali makhanda. Windo lakumbuyo kwa pikapu lilibe galasi, ndiye ndinaiyamba ndi besi yanga yonse. Anawo anayamba kuyankha uku akusisima. Zoti nyimbo imeneyi kutchalitchi timaiimba tikamaperekeza munthu kumanda, mutu wanga sunazikumbuke mpang'ono pomwe.

Apa m'pamene ulemu unayambira.

Mkulu wina amene ankapalasa njinga anatsika n'kuvula chipewa. Amayi ogulitsa mpunga m'mbali mwa msewu anasiya kuitanira malonda, ena n'kugwada. Pagolosale ina wailesi imene inkaphokosera inazimitsidwa. Ngakhale minibasi, abale, minibasi yeniyeni, inatidutsa mwaulemu osaimba hutala, kondakitala atagwira pachifuwa.

Mtima wanga unadzaza. Ndinati onani kusiyana kwa kabaza ndi galimoto! Ndinatulutsa mkono pawindo n'kumawabayibitsa pang'onopang'ono ngati phungu.

Parodibuloko ndinali ndi kamantha, poti aka kanali koyamba kuimitsidwa ndili pachiwongolero. Wapolisi anayandikira, anasuzumira kumbuyo, anaona ana akufwenthera, n'kuvula kapusi yake.

"Pepani kwambiri, bambo. Pitani."

"Laisensi simuiona, bwana?"

"Ayi, ayi. Mulimbe mtima."

Ndinati koma wapolisi uyu ayenera kuti nayenso ndi kholo, akudziwa kuvuta kwa kuyenda ndi ana. Zinandikhudza.

Titadutsa pa boma ndinaima kuti Yamikani ataye madzi. Pomwepo panaima njinga yamoto. Anali Mavuto, wakabaza wa kumudzi kwa Esinati, amene wakhala akundinyamula zaka zonsezi. Anayang'ana ine, anayang'ana ana, anayang'ana kumbuyo kwa pikapu. Kenako anafunsa chapansipansi.

"Alamu, achemwali sali kutsogoloko?"

"Ukuwaona?" ndinayankha monyada, poti ndinkafuna adziwe kuti ana ndawatha ndekha.

Mavuto anagwira kumutu, anatembenuza njinga, n'kuuluka osatsanzika. Ndinaseka. Nsanje! Wataya kasitomala.

Ife tinapitiriza ulendo wathu wa kamba. Tinaimanso kugula mandasi, tinaimanso Tadala atataya silipasi, tinaimanso injini itatentha mpaka ndinachita kukapempha madzi pamjigo. Dzuwa linali litapendeka pamene tinakhota kulowa msewu wafumbi wa kumudzi.

Tisanapite patali ndinaona masamba atayalidwa modutsa msewu. Aliyense amadziwa tanthauzo lake.

"Ana inu, m'mudzi muno mwagwa zovuta. Tikhale aulemu."

Ndinachepetsanso liwiro, ndipo poti nyimbo ija tsopano inali yoyenera malo, ndinaikweza. Anthu anayamba kutuluka m'nyumba n'kumatsata galimoto. Amayi anailandira nyimbo ija, n'kuiimba bwino kuposa kwaya yathu. Pagalasi ndinkaona njinga, ngolo ndi chikhamu cha anthu. Ndinadabwa pang'ono kuti bwanji onse akulowera kumene ndikulowera ine.

Nditakhota pamtengo wa mbawa, ndinaona pabwalo pa apongozi pali mabenchi a kutchalitchi, zikuni zikuluzikulu, ndi anthu osaona pansi. Ndisanazimitse n'komwe injini, apongozi anatulukira atagwiriziridwa ndi amayi awiri, n'kudzigwetsa patsogolo pa galimoto.

"Esinati mwana wanga ine! Esinati, ana awa wawasiyira ndani!"

Abale, dziko linazungulira. Esinati? Ndinamusiya m'mawa akusita bulauzi, ali bwinobwino! Ndinakumbukira kuti foni yanga yakhala yozima tsiku lonse. Ndiye kuti chachitika kusukulu, anthu andifunafuna osandipeza, uthenga n'kufika kumudzi ine ndikuimba mumsewu ngati chitsiru. Ndinakumbukiranso kuti mawu anga omaliza kwa mkazi wanga anali akuti, "Muona."

Ndinatsika, ndinagwada m'fumbi ndi suti yanga, n'kulira. Ndinalira kwenikweni, kochokera m'mimba.

"Esinati mkazi wanga ine! Bwanji osandidikira!"

Bwalo lonse linasweka. Tadala ndi Yamikani atamva dzina la amayi awo anakweza mpaka agalu anayamba kuuwa.

Amalume ake a Esinati, a Mbewe, mkulu wofatsa amene anagwirapo ntchito ya utelala, anandidzutsa n'kundikokera pambali.

"Mkamwini, limbani. Komatu mwatilakwira. Zoterezi amayamba atumiza uthenga, osati tizimvera kwa wakabaza. Foni yanu yozima, ya malemu yozima. Zachitika nthawi yanji?"

"Inenso ndikumva pompano, amalume!"

"Mukumva pompano bwanji, pamene mwabwera naye ndinu?"

"Ndabwera ndi ndani?"

A Mbewe analoza pikapu.

Ndinatembenuka. Kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo ndinaiona galimotoyo mmene ankaionera anthu ena. Masamba mbali zonse. Nyali zoyaka masanasana. Ana awiri otupa maso. Bokosi lavanishi, nsalu yoyera, nkhata ya maluwa pamwamba. Kenako ndinadziyang'ana ndekha: suti yakuda.

Misozi inauma yokha.

"Komanso," anapitiriza a Mbewe motsitsa mawu, diso la utelala lili pabokosi, "mwana wathu uja anali wamtali. Mwamulowetsamo bwanji m'menemu?"

"Amalume, dikirani, ndifotokoze..."

Ndinachedwa. Amuna anayi anali atagwira kale zogwirira zija, akutsitsa bokosi mwaulemu wonse, akatekisiti ali patsogolo ndi buku lawo. Atangofika pakati pa bwalo, lesi inagwedezeka. Nyimbo inadukira pakati. Lesi inatukuka pang'onopang'ono, ndipo chinthu choyera chovala nkhata ya maluwa chinakhala tsonga, n'kukuwa ndi mawu aja a pamsika.

"Adadi! Ndikufuna kubiba!"

Sindinaonepo anthu akuthamanga chonchija. Onyamula aja anatula bokosi n'kubalalika mbali zinayi. Akatekisiti analumpha mpanda wa bafa atagwira buku m'manja. Mayi wina amene anabwera akutsimphina ndi ndodo anaiwala ndodoyo pabenchi, ndipo anali patsogolo pa onse.

Pempho anadzivundukula yekha, anayang'ana uku ndi uku, n'kuona apongozi ali gada pansi.

"Agogo, mwagwa?"

Anthu anayamba kubwerera mmodzimmodzi, ine ndikufotokoza za mthunzi, za ntchentche, za mawaya a a Juma. Palibe amene ankaseka. Apongozi anakumbatira Pempho koma maso ali pa ine.

"Nanga mwana wanga ali kuti?"

Yankho linabwera lokha. Esinati anali atamaliza mayeso, n'kuganiza zotitsatira tsiku lomwelo poti mtima sunkamukhazikika. Anakwera minibasi osakumbuka kuyatsa foni imene anazimitsa m'chipinda cha mayeso. Ataona masamba pamsewu wa kwawo, anatsika pakabaza, anamanga chitenje, n'kuyenda wapansi monga mwa mwambo. Anafika mwakachetechete kumbuyo kwa gulu, anagwada pafupi ndi mayi wina amene anali asanamve kuti zinthu zasintha, n'kumugwira paphewa.

"Pepani, mayi. Watisiya ndani?"

"Ndi Esinati, mwana wa..." Mayiyo anatembenuka.

Mpikisano wachiwiri unali wothamanga kuposa woyamba. Akatekisiti, amene anali atangobwerera kumene, analumphanso mpanda womwe uja.

Apongozi okha ndi amene sanathawe. Anamugwira mwana wawo kumaso, m'mapewa, m'manja, akulira ndi kuseka nthawi imodzi. Inenso, kunena zoona, ndinafuna kumukumbatira pamaso pa anthu onse, chifukwa kwa kanthawi ndithu ndinali nditaferedwadi. Koma mmene anandiyang'anira atamva nkhani yonse, ndinaona kuti bola ndiime kaye patali.

Anthu atakhazikika, a Mbewe anatiitanira pansi pa mbawa, ine pakati ngati mbuzi ya pamsika.

"Mkamwini, mbuzi yaphedwa kale, imeneyo tidya, mudzabweza. Mabenchi mubweza nokha kutchalitchi pagalimoto yanu yotchukayi. Koma nkhani yaikulu ndi iyi: anyamata anapita kale kumanda, ndipo dzenje lafika m'chiuno."

Kwathu kuno dzenje la manda likakumbidwa silikwiriridwa lopanda kanthu. Zikalakwika chonchi amadula thunthu la nthochi n'kuikamo m'malo mwa munthu. Ndipo nthochi yokhayo yaikulu pafupi inali ya apongozi, imene inali ndi mkoko woti upsa posachedwa.

"Ndiye wina atenge chikwanje," anatero a Mbewe.

Esinati, amene ankapukuta Pempho kumaso ndi lesi yake ya patebulo, sanadzutse n'komwe mutu.

"Amalume, musaononge nthochi ya amayi. Awa avala kale suti."

Kuyambira tsiku limenelo, munthu akandivulira chipewa pamsewu, ndimayamba ndacheuka kuona chimene ndanyamula.