Tenti Yomwe Ndinalibe

Mpaka lero ndikadutsa pa mzere wa nyumba za kuseri kwa tchalitchi chathu ku Mbare, kuno ku Harare, pali amayi ena amene amandipatsa moni bwinobwino, koma ndikangopitirira pang'ono ndimamva akuseka chapansipansi. Sindiwaimba mlandu. Ndikanakhala iwo, nanenso ndikanaseka.

Zinayamba nditachotsedwa ntchito pa fakitale ina ku Willowvale, pamene ndinatha zaka zisanu ndi zitatu ndikulongedza katundu m'makatoni. Ine ndinabadwira kuno. Agogo anga ndiwo anachokera ku Dedza kalekale kudzafuna ntchito, ndipo ife takulira pakati pa anthu akwathu, Chichewa kunyumba ndi kutchalitchi, Chishona pamsewu. Ntchito itatha ndinalumbira kuti palibenso munthu adzandilembe ntchito. Ndidzakhala bwana wa ine mwini. Chokhacho chimene sindinkadziwa n'chakuti bwana ameneyo azidzagulitsa chiyani.

Tsiku lina ndikuchokera m'tauni ndinaima pa bambo wina woyala mabuku akale m'mbali mwa msewu. Ndinagulapo atatu a za bizinesi, a Chingerezi, olembedwa ndi anthu akunja amene anayambira makampani awo m'galaja n'kudzalemera. (Ife galaja tilibe. Tili ndi kakhonde komwe mkazi wanga amayanikapo zovala, koma ndinaona kuti n'chimodzimodzi.) Ndinawawerenga masabata awiri, cholembera chofiira chili m'manja. Zambiri zinali zomveka ndithu: yamba pang'ono, mvera ogula, ukalephera dzuka msanga. Koma mutu umodzi unandigwira mtima kuposa yonse. Unkanena kuti oyamba bizinesi ambiri amagwa chifukwa amathamangira kugula katundu amene palibe akumufuna. Wochenjera amayamba walengeza ngati kuti katunduyo ali naye kale, n'kudikira aone ngati anthu aimba foni. Akaimba ambiri, msika ulipo, kagule. Akapanda kuimba, sunataye kanthu.

Mkazi wanga Rozina, amene makolo ake anachokera ku Tete nthawi ya nkhondo, amagulitsa zovala za kaunjika ku msika waukulu wa Mbare Musika. Iye mabuku a bizinesi sawerenga, amangochita bizinesiyo. Nditamufotokozera nzeru yanga yatsopano, sanasiye n'komwe kupinda zovala.

"Ndiye mukufuna kunamiza anthu, bambo a Tadala?"

"Si kunamiza ayi. Kumeneku amati kuyesa msika."

"Nanga akaimba mudzati chiyani?"

"Ndidzati katundu yense wabwerekedwa kale sabata ino. Ine ndikungofuna kudziwa kuti oimba ndi angati."

"Oho. Limenelo ndiye bodza lachiwiri."

Ndinamukhululukira, poti anali asanawerenge mutuwo.

Bizinesi imene ndinasankha inali yobwereketsa matenti ndi mipando. Kuno mabwalo a nyumba ndi aang'ono, ndipo pakakhala ukwati kapena maliro anthu amadzaza mpaka pamsewu, padzuwa. Ndinapeza pa intaneti chithunzi cha tenti yoyera mbee, mipando yovekedwa nsalu ndi maliboni kumbuyo, pansi kapinga wobiriwira amene ku Mbare sanamerepo. Pansi pake ndinalemba kuti: Matenti ndi mipando yobwereketsa, maukwati, maliro, misonkhano, timafika msanga. Ndinaikapo nambala yanga n'kutumiza pa gulu la pa foni la mpingo wathu, komanso pa gulu lathu lothandizana pa maliro.

Anthu anayamikira kwambiri. Amalume anga, a Kalonga, mlongo wawo wa mayi anga, amenenso ndi wapampando wa gulu la maliro lija, analemba kuti, "Mwana wa mlongo wanga wadzuka. Tiyeni timugwire dzanja." Apa ndi pamene ndinayenera kuwaimbira n'kuwauza zoona. Sindinatero. Ndinangowerenga mawuwo kanayi, kenako n'kuwerengeranso Rozina mokweza.

Panadutsa masabata atatu popanda woimba, kupatula munthu mmodzi amene analakwitsa nambala. Ndinayamba kuganiza kuti mwina msika wa matenti kulibe, ndiyesere nkhuku.

Lachinayi lina m'mawa, mu Okutobala, ndikutsuka m'kamwa, foni inalira. Anali amalume.

"Wamva? Bambo Mbewe atisiya."

Bambo Mbewe anali telala komanso mkulu wa mpingo. Suti imene ndinavala pa ukwati wanga anasoka ndi iwo. Ndinakhala pansi.

"Mwambo ndi mawa pakhomo pawo, tisanapite kumanda," amalume anapitiriza. "Koma anthu ayamba kale kusonkhana, ndipo dzuwa la mwezi uno ukulidziwa. Tenti ija ifike isanakwane thwelofu. Mipando ubweretse yonse imene uli nayo. Aja a ku Waterfalls amene timabwerekako nthawi zonse ndawauza kuti ulendo uno asavutike, tili ndi wathu."

Mawu anga aja oti katundu yense wabwerekedwa ndinali nditawakonza bwino, ndinkachita kuwayeserera ndikamasamba. Koma amenewo ndinakonzera mlendo wofuna tenti ya phwando. Sindinakonzere amalume, pa maliro a munthu amene anandiyeza mapewa ndi manja ake. Ndinangomva pakamwa panga pakuti, "Chabwino, amalume."

Rozina anali ataima pakhomo, chikwama cha ku msika chili paphewa. Anamva zonse.

"Msika wayankha," anatero.

Ndinaimbira mwakachetechete anthu a ku Waterfalls aja, ndikusintha mawu ngati ndine munthu wina. Tenti yawo anali ataipereka kale kwa a ukwati, amalume atangowamasula. Ndinaimbira ena atatu, onse yankho lomwelo. Anzathu Achishona sakonda kuchita ukwati mu Novembala, ndiye aliyense amathamangira mu Okutobala, ndipo matenti onse a mu Harare amakhala ali ndi eni ake. Zimenezi aliyense wa bizinesi ya matenti amazidziwa. Ine ndinazidziwa m'mawa umenewo.

Rozina anatsitsa chikwama n'kutenga foni yake. Anaimbira Tendai, dalaivala wa lole amene amabweretsa katundu ku Musika. Tendai anati lona lalikulu lofundira katundu ali nalo, ndipo mitengo ya bulugamu yoimikira tingabwereke kwa ogulitsa matabwa. Za mipando anati tisadandaule, mchemwali wake ali nayo yapulasitiki makumi asanu ndi limodzi, akaitenga yekha n'kubweretsa zonse pamodzi kunyumba ya maliro. Ndinapuma mpweya wautali. Ndinafika mpaka pouza Rozina kuti mabuku aja amanenanso zoti wabizinesi weniweni amagwiritsa ntchito zimene zili pafupi.

Sindinafunse kuti lolelo linanyamula chiyani dzulo lake. Sindinafunsenso kuti mchemwali wa Tendai amagwira ntchito yanji.

Ndinafika pakhomo pa a Mbewe cha m'ma leveni. Azimayi anali m'nyumba akulira ndi kuimba, azibambo atatsamira mpanda kufunafuna kamthunzi. Amalume anandigwira paphewa n'kuuza anthu kuti, "Mwini matenti uja ndi uyu." Ena anandigwira chanza ndi manja awiri.

Lole linafika mochita kubwerera chammbuyo, anthu akulipatsa njira mwaulemu. Fungo ndi limene linayamba kutsika. Tendai anali atabweretsa matumba a matemba ouma ku Musika dzulo lake, ndipo lona lija linali litafundira nsombazo ulendo wonse padzuwa. Linali lobiriwira kalekale, tsopano la mtundu wa dothi, zigamba za matayala apa ndi apo. Titalivundukula, mipando inaonekera. Yofiira, yachikasu, yabuluu. Yonse yofika m'maondo. Kumbuyo kwa uliwonse anamatapo kachithunzi ka nyama ndi dzina la mwana. Mchemwali wa Tendai ali ndi sukulu ya mkaka.

"Tendai, ichi n'chiyani?" ndinanong'ona.

"Mukoma, makati macheya," anayankha m'Chishona, kutanthauza kuti ndinanena mipando. "Aya haasi macheya here?" Apa ankafunsa ngati imeneyi si mipando. Ndipo kunena zoona, inali mipando.

Amalume anandikodola, tinapita kuseri kwa lole.

"Tenti ya pachithunzi ija ili kuti?"

"Palibe, amalume."

"Yabwerekedwa?"

Apa khomo linali lotseguka, ndikanatha kutulukirapo. Koma ndinali nditatopa.

"Sindinakhalepo nayo. Chithunzi ndinachitenga pa intaneti. Ndinkayesa msika."

"Msika." Anatembenuka n'kuloza nyumba imene munkamveka kulira kwa mayi Mbewe. "Uwu ndi msika?"

Anabwerera kwa azibambo aja n'kunena kuti, "Tiyeni tiimike chimene chilipo." Ndipo anaimika, popanda wondiyang'ana. Kukanakhala bwino akanandikalipira. Tinakumba maenje, tinazika mitengo, tinakoka lona ndi zingwe za lole mpaka linapereka mthunzi, wopendekeka koma mthunzi ndithu. Kutchalitchi anatibwereka mabenchi anayi, amene tinasungira abusa ndi okalamba kwambiri. Otsala onse anayenera kusankha pakati pa kuima ndi timipando tija.

Dzuwa la masana litaliwotcha, lona linayamba kutulutsa zonse zimene linasunga. Ntchentche zinabwera. Amphaka atatu a m'deralo anabweranso n'kukhala mwadongosolo m'mbali mwa mpanda, kuyang'ana m'mwamba. Munthu aliyense wofika kudzapepesa ankayamba waima, n'kununkhiza, n'kuyang'ana kukhitchini, kenako n'kuzindikira kuti fungo likuchokera kudenga.

Tsiku la mwambo, Lachisanu, anthu anadzaza. Taganizani azibambo a masuti akuda, imvi mbuu, atakhala pa timipando tachikasu, maondo ali pachibwano, buku la nyimbo atalisanjika pamwamba pa maondowo. Palibe anadandaula. Ine ndinaima kumbuyo kwenikweni, nditagwira mtengo umodzi umene unkafuna kugwa, ndipo ndinathokoza kuti ndapeza ntchito yobisalirapo.

Amalume ndi munthu wathupi. Malo awo pa benchi anapatsa gogo wina amene anafika mochedwa, iwo n'kudzipanikiza pa kampando kofiira kokhala ndi moika manja, kolembedwa kuti Panashe, ka chithunzi cha bakha. Abusa atamaliza pemphero anati, "Tsopano timve mawu kuchokera kwa wapampando wa gulu lothandizana pa maliro." Amalume anaimirira. Kampando kanaimirira nawo.

Iwo sanadziwe msanga. Anakonza tayi, anatsokomola, n'kuyamba kuti, "Abale ndi alongo, tasonkhana pano ndi mitima yosweka," miyendo inayi yofiira italoza anthu a kumbuyo. Aliyense anaweramitsa mutu. Ndinaona mapewa a anthu akugwedezeka, ena akudziluma milomo, ena akubisa nkhope m'buku la nyimbo. Palibe ankafuna kukhala woyamba.

Woyamba anali mayi Mbewe, namfedwa mwiniwakeyo. Anali pakhonde, pamphasa, pakati pa azimayi owagwirira, atalira kuyambira dzulo lake mpaka mawu kusasa. Anangoti kuyang'ana, n'kuphulika. Anaseka mpaka kugwira pamimba, misozi ikutsika, osadziwika ngati ndi ya kuseka kapena ya maliro. Zitatero bwalo lonse linamasuka. Ngakhale abusa anavula magalasi.

Ndinasiya mtengo wanga n'kuthamanga kukakoka kampandoko. Kanakana. Ndinaponda pansi mwamphamvu n'kukokanso, kanachoka ndi phokoso ngati chivindikiro cha botolo. Nthawi yomweyo ngodya ya lona imene ndinasiya ija inatsika pang'onopang'ono n'kufundira anthu a kwaya. Amalume anadikira mpaka kwaya itatulukamo, kenako anamaliza mawu awo onse bwinobwino, osalumpha ngakhale limodzi. Bambo Mbewe tinakawaika m'manda mwaulemu wonse.

Mawa lake amalume anabwera kunyumba, anakana kulowa, ndipo ataima pakhomo anandiuza zoti ndilembe pa magulu onse awiri aja. Ndinalemba kuti ndinanama, tenti ndilibe, mipando ndilibe, ndipo ndikupepesa banja la a Mbewe ndi mpingo wonse. Ndinafuna kuwonjezera kuti cholinga chinali kufufuza msika, koma Rozina anandilanda foni n'kutumiza momwemo.

Patatha sabata ndinapita kwa mayi Mbewe ndi paketi ya shuga, kukapepesa pamaso. Anandilandira bwino.

"Mwana wanga, za timipando zisakudetse nkhawa," anatero. "Tsiku lija ndinkaona ngati sindidzasekanso moyo wanga wonse. Ndipo bambo ako a Mbewe akanakhalapo akanagwa nako kuseka. Koma amalume ako anakuimika pamaso pa anthu n'kunena kuti wathu ndi uyu. Kumeneko ndiye kukapepese, osati kuno."

Ndinapita kwa amalume katatu. Ankandiyankha moni basi, n'kupitiriza kuwerenga nyuzipepala. Panatha miyezi iwiri zili choncho, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kusekedwa konse kuja.

Pano Loweruka lililonse ndimakagwira ganyu kwa anthu a ku Waterfalls aja, kuimika ndi kutsitsa matenti. (Inde, ndinalembedwanso ntchito ndi munthu. Lumbiro lija tisalikambe.) Ndaphunzira kumanga zingwe, kuyang'ana kumene mphepo ikuchokera, ndi miyezi imene matenti amasowa. Mabuku aja sindinawataye, ndipo sindinganene kuti ananama, chifukwa msika wa matenti ulipodi. Kungoti olembawo ankayesa nzeru zawo pa anthu osawadziwa, amene akakhumudwa amangotseka foni. Ine ndinayesa pa anthu amene adzanyamule bokosi langa.

Mwezi watha ndinagula mipando yanga yoyamba, khumi ndi iwiri, yoyera, ya akuluakulu. Rozina anakhalapo pa uliwonse tisanaitenge. Lamlungu lapitali amalume anatulukira kunyumba osanena, koyamba kuyambira tsiku lija anakana kulowa. Anaona mipandoyo itasanjikizana pakhonde, anaiwerenga ndi chala, anatsitsa umodzi n'kukhalapo. Anaimirira, anayang'ana kumbuyo kwawo, anakhalanso.

"Ndi yako?"

"Ndi yanga, amalume."

"Chabwino. Ukamalengeza ulembe khumi ndi iwiri. Osati khumi ndi itatu."

Kenako anaitanitsa tiyi.