Nambala Wani ya Che Sufiyani

Pa Ulongwe panalibe amene sankadziwa matenda a Che Sufiyani, telala wa pafupi ndi siteji ya minibasi. Anzawo a msinkhu wawo ankakangana za mvula ndi za nandolo, koma iwo, bambo wa imvi zawo ndi kofiya kumutu, ankavutika ndi funso limodzi: mwa magemu onse amene anasewerapo chibadwire, oposa anzake ndi ati? Yankho ankalilemba ndi choko cha utelala pachitseko cha shopu, kuyambira nambala faifi kukwera m'mwamba. Pa nambala wani pokha sankalembapo kanthu.

Maina achizungu analibe nawo ntchito, gemu iliyonse anaipatsa dzina lawolawo. Panali Njerwa, ija ya timabokosi togwa kuchokera kumwamba, imene anabwera nayo kuchokera ku Joni. Panali Mpira, Zibakera ndi Dalaivala, zimene ankasewera pa kanema wa kubabashopu kwa Dave. Zinayi zimenezi sizinkagona malo amodzi masiku awiri. Chitseko chinachita kuyera mbuu chifukwa chofufutidwa.

Amene anavutika nazo kwambiri anali a Walter, wokonza njinga wochokera ku Utale, amene anakhala nawo khonde limodzi zaka khumi ndi zinayi. A Walter anali munthu wosapirira chinthu chosatha. Njinga yosowa sipoko imodzi inkawadwalitsa mutu, ndiye tangoganizani mpata uja pamwamba pa chitseko, tsiku ndi tsiku ukuwayang'ana.

"Che Sufiyani, nambala wani ndi chiyani?"

"Achimwene, musathamange. Mwana sabadwa ndi ndevu."

"Zaka zonsezi mwanayo sanakulebe?"

"Inshallah mudziwa. Yambani mwakhoza mayeso."

Mayesowo anali m'kafoni ka mabatani komanga ndi mphira. M'menemo munali gemu ya Njoka, ija imatalika ikadya kadontho mpaka kudziluma mchira, ndipo pamwamba pake panali mapointi 4,812. Che Sufiyani analonjeza kuti tsiku limene a Walter adzadutse pamenepo, adzawauza nambala wani pamaso pa anthu. A Walter atafunsa chifukwa chake Njokayo sinali pachitseko, anayankhidwa kuti Njoka si gemu, ndi sukulu.

Choncho Lachisanu lililonse, Che Sufiyani akamapita kumzikiti, ankasiya kafoni kaja m'manja mwa Mkatolika mnzawoyo. A Walter ankatembenuza njinga ya kasitomala miyendo m'mwamba n'kuiiwala. Chala chachikulu chinachita kumera chikanga, koma zikwi ziwiri sanazilawepo. Mayi Fauziya, akazi a Che Sufiyani, akamadutsa kuchokera kumsika ankangopukusa mutu.

"Amuna aakuluakulu, a zidzukulu, kulimbana ndi kanjoka ka m'foni. Alamu, manyazi munagulitsa?"

A Walter ankabisa kafoniko m'thumba ngati mwana wogwidwa ndi shuga.

Za mndandandawo anthu amakamba mpaka lero. Chaka china a Walter anabweretsa ntchito ya yunifolomu ya kwaya ya kutchalitchi kwawo, anthu makumi awiri. Che Sufiyani anawayeza onse, miyezo n'kuilemba m'munsi mwa chitseko chomwecho. Madzulo ake Dave anawachinya zigoli zisanu ndi ziwiri pa Mpira. Anabwerera akutukutira, akunena kuti woimbira wa m'kanemayo anadya za Dave, natenga chinsanza chonyowa kuti atsitse Mpira pa nambala faifi. Mkwiyo sudziwa malire: anapukuta chitseko chonse. Yunifolomu anasoka za m'mutu. Pa Pasaka kwaya inaimba bwino ndithu, kungoti woimbitsa sankatha kukweza manja, ndipo a besi ankaoneka ngati avala neti ya udzudzu.

"Mwatichititsa manyazi pamaso pa ansembe," anatero a Walter Lolemba lake.

"Wallahi nsalu ija inali yofota. Koma taonani, achimwene, Mpira pa faifi pakuuyenera kapena ayi?"

Tsiku lina Che Sufiyani ananyamuka ulendo wa ku Limbe kukagula nsalu. Minibasi itangowoloka Shire pa Liwonde, anayamba kumenya denga kuti atsike. Kondakitala anayesa kuti mkuluyo watsekula m'mimba. Pofika masana a Walter anangoona munthu akutsika minibasi ina, wopanda nsalu ngakhale yadi imodzi, akulunjika pachitseko. Anafufuta Dalaivala pa nambala thuu n'kuikapo Njerwa.

"Ndaona mmene amayendetsera mnyamata uja, ndazindikira kuti gemu imeneyi imanama," anatero akupuma mofulumira. Dzuwa lisanalowe anali atazibwezera mmene zinalili.

Imfa yawo inabweranso mothamanga chomwecho. Linali Lachiwiri, a Walter atapita ku Balaka kukagula matayala. Che Sufiyani anagwa ali pa makina cha m'ma naini, ndipo monga mwa mwambo wa Chisilamu anaikidwa tsiku lomwelo. A Walter anatsika minibasi ndi matayala paphewa anthu akubwerera kumanda. Analira ngati mwana, ndipo mkati mwa kulirako anadzipeza akukwiya. Munthu uyu wapita ndi nambala wani, osatsanzika n'komwe.

Kuyambira pamenepo a Walter anasowa pokhala. Akakhala pansi ankaimirira, akaimirira ankazungulira khonde. Anafunsa Dave, Dave sankadziwa. Anafunsa ashehe, ashehe anawayang'ana nthawi yaitali n'kuwafunsa ngati akudya bwino. Wotsala anali mayi Fauziya, koma iwo anali m'nyumba, m'masiku a namfedwa, miyezi inayi ndi masiku khumi osacheza ndi amuna apadera. Kuwonjezera apo, Dave anatenga chipinda cha utelala chija kuti asamutsiremo babashopu, ndipo anabwera ndi chitini cha penti wabuluu.

"Chitseko ichi usachikhudze," anatero a Walter.

"Madala, ndi choko chabe."

"Ndati usachikhudze. Mndandandawu sunathe."

Anakokera benchi lawo pachitsekopo n'kumakonzera njinga pomwepo. Mvula ikamawaza ankachiphimba ndi pulasitiki, iwo eni n'kumanyowa. Masiku ankawawerenga ngati wandende.

Masikuwo atakwana, mayi Fauziya anabwera masana ena kudzatenga makina osokera. Anaima n'kuwayang'ana a Walter kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Alamu, mwaonda. Ndi kanjoka kaja?"

"Alamu, ndikhululukireni, ndikudziwa zimakunyansani. Koma malemu sanakuuzenipo nambala wani? Ngakhale kutulo?"

Mayiwo anamasula mfundo ya chitenje, natulutsa kafoni komanga ndi mphira kaja.

"Tasewerani ndione."

A Walter anasewera. Njoka inadziluma pa mazana asanu ndi limodzi. Mayi Fauziya anatsonya, nakonza mpango kumutu, nakhala pabenchi, n'kulanda kafoniko. Chala chawo sichinkathamanga ayi, chinkangogunda pang'onopang'ono ngati munthu akusankha mpunga. Njoka inatalika, inapinda, inadutsa m'timipata toti a Walter akanalumbira kuti palibe njira. Chikwi chinadutsa, ziwiri, zitatu. A Walter anali atasendera pafupi, pakamwa pali yasa, mapazi akupondaponda pansi okha, ndipo njoka ikamayandikira khoma ankagwira mpweya. Pa zikwi zinayi ndi mazana asanu ndi awiri mayiwo anaigundika dala kukhoma.

"Ija ya pamwamba ikhale," anatero. "Ndinaichita ndili pa mzere kuchigayo, chaka chimene magetsi ankavuta."

"Inu? Nanga Che Sufiyani?"

"Malemu sanadutsepo mazana atatu. Ankangogunda makoma ngati woledzera, munthu wosalawa n'komwe."

A Walter anayang'ana chikanga cha pachala chawo. Zaka khumi ndi zinayi akupikisana mosadziwa ndi munthu yemweyo amene ankawanyoza Lachisanu lililonse ali ndi dengu pamutu.

"Ndiye bwanji munkatikalipira?"

"Ndikanapanda kukalipa, azimayi a kumzikiti akanandiyesa munthu wanji?"

"Chabwino. Koma nambala wani?"

"Mwaiona kumene, alamu. Mmene munakhaliramu, kukamwa yasa, ndi mmene ankakhalira iwo madzulo aliwonse tikamamwa tiyi. Ankati pa magemu onse a padziko, yokoma kuposa ndi yondionerera ine ndikusewera. Ndinawauza kuti tsiku limene adzalembe zimenezo pachitseko, ndidzalongedza n'kubwerera kwathu kwa Mposa." Anamanganso kafoniko pachitenje. "Sanalembe. Pa zinthu zonse za pachitseko icho, ndi pokhapo pamene sanasinthepo maganizo."

A Walter anayamba kuseka, koma kusekako kunathera m'misozi, ndipo mayi Fauziya anayang'ana kumsewu kuti awapatse mpata.

Dave anagula chitseko china, chakalecho a Walter anachizula n'kuchiyedzamiritsa pamene amakonzera njinga. Pakhondepo masiku ano pali phokoso la makina ometera, koma pali zii. Palibenso wotsika minibasi akuthamanga, palibe wokuimitsa panjira kuti akufunse ngati Zibakera zikuyenera pa firii. Lachisanu, kuitana kwa kumzikiti kukamveka, manja a a Walter amasowa chogwira. Amazungulira kawiri katatu, kenako amatola kachoko kamene kanatsala, n'kusinthanitsa Mpira ndi Dalaivala. Amabwerera m'mbuyo, amayang'anitsitsa, n'kunena chapansipansi kuti, "Iyayi, Che Sufiyani, apa mwalakwitsa," ndipo amazibwezera.

Mayi Fauziya akamadutsa ndi dengu lawo sakalipanso. Amangoima pang'ono n'kuyang'ana mpata uja.

"Pamwambapo musalembepo, alamu."

"Sindingayerekeze," amatero a Walter. "Ndi podzaza kale."