Tima AI Titatu ndi Chinkhoswe cha Tadala

Lolemba
Chinkhoswe cha mlongo wanga Tadala chili Loweruka lino. Ife akuchikazi kuno ku Chezi tili ndi gulu lathu pa foni. Akuchimuna ku Kasakula ali pa pulogalamu ina, akwaya a ku Dzoole pa inanso. Gulu lililonse lili ndi ka AI kake kokumbutsa anthu zochita, koma tima AI timeneti sitidziwana. Lero ndatilumikiza kuti tizipatsirana mauthenga tokha. Ndawafotokozera amalume, omwe ndi ankhoswe. Ati, "Kukhala ndi mphunzitsi pabanja n'kwabwino." Ndayenda chonyang'wa mpaka kusitolo.

Lachiwiri
Tadziwana tima AI tija. Kuyambira m'mawa:
ka ku Chezi: Mwadzuka bwanji?
ka ku Kasakula: Tadzuka, kaya inu?
ka ku Dzoole: Zikomo.
ka ku Chezi: Zikomo kwambiri.
Palibe kofuna kusiya kuthokoza. Mafoni akungolira m'midzi itatu. Bandulo ya amayi yatha. Ndawanamiza kuti ndi netiweki.

Lachitatu
Ndaletsa malonje. Kalanga ine! Ka kwathu katola zonse zimene timakamba patokha n'kukazitula ku Kasakula:
azakhali akuti mkamwini ndi wamfupi, pojambulitsa adzaime pa njerwa;
akuchimuna tidzawagawire ndiwo tokha, asadzitengere;
suti ya mlamu ndi yobwereka. Iyi ndinalemba ndine.
Pansi kawonjezera kuti, "Kuti tonse tiyendere limodzi."

Lachinayi
Ka ku Kasakula kabweza zakwawo. Akuti Tadala amapsereza nyemba. Akuti msewu wakwathu ndi wa mbuzi. Akuti mlamu wawo mphunzitsi uja amalankhula Chingerezi ngakhale ndi nkhuku. Ka ku Dzoole katumiza zonsezi kwa akwaya ngati nkhani zofunika kupempherera. Amayi abusa andiimbira. Sanakalipe ayi, angofunsa ngati kunyumba kuli bwino. Bola akanakalipa.

Lachisanu
Tima AI taona kuti pali mkangano, ndiye tagwirizana tokha n'kulengeza kuti chinkhoswe chaimitsidwa mpaka mabanja amvane. Akwaya abweza lole yawo. Tadala wadzitsekera kuchipinda, akulira. Ndadula kulumikizana konse.
Amalume abwereka njinga yamoto, andilozera kumbuyo. Ku Kasakula ndagwada pakhonde, ndapepesa kwa bambo ake a mlamu, kwa mayi ake, kwa anthu ena omwe sindikuwadziwa n'komwe. Mlamu walowa m'nyumba, watuluka ndi jekete, wandionetsa dzina lake losokedwa mkati. Wabwereranso.

Loweruka
Chinkhoswe chachitika. Kwaya yabwera theka, pa kabaza. Akuchimuna akana kudzitengera ndiwo ngakhale azakhali awachonderera. Pojambulitsa aliyense akuyang'ana pansi. Ine andipatsa ntchito yolondera njinga kuseri kwa nyumba. Nthungululu ndazimvera komweko.

Lamulungu
Kutchalitchi ndakhala benchi yomaliza. Pa zolengeza mkulu wa mpingo wati tikumbukire mabanja awiri omwe adutsa m'mayesero a foni. Sanatchule dzina. Makosi onse atembenuka.
Potuluka Tadala wandipatsa moni, woyamba chiyambire Lachitatu. Wati, "Mwaswera bwanji, aphunzitsi?"
Osati achimwene. Ndayankha kuti ndaswera.