Ndinachapa chitupa cha mayeso cha mwana wanga

Mukadzafika pa Benga n'kumva za mkulu wokonza njinga amene anagwidwa lamba ndi wapolisi pakhomo la chipinda cha mayeso, musavutike kufunsa kuti anali ndani. Ndine ndemwe. Papita zaka zambiri, koma ndikaikumbukira nkhaniyi mtima umagundabe ngati ndikukwera chitunda ndi matumba awiri a mpunga.

Inali nthawi imene boma la zipani zambiri linali litangolowa kumene, pomwe chilichonse chinkayamba ndi msonkhano. Mwana wanga woyamba, Agnesi, anali Fomu 4 pasekondale yoyendera ya kufupi ndi kwathu, ndipo mtima wake wonse unali pa unamwino. Kuti akamutenge kusukulu ya anamwino pankafunika kukhoza bwino Chingerezi, osati kungopulumuka. Mwanayo ankachitha Chingerezicho, moti ine ndinali nditayamba kale kuyenda modzimva.

Lachisanu, mayeso atatsala masiku atatu, ahedi anaitanitsa makolo. Amake Agnesi anali atapita ku Ngala kukasamalira mng'ono wawo amene anali atangochira kumene, choncho kumsonkhanoko ndinapita ine, nditavala jekete ya kutchalitchi.

"Makolo," anatero ahedi, "anawa atopa, ndipo ena sakudya n'komwe chifukwa cha mantha. Masabata amenewa apumuzeni. Kutunga madzi, kuchapa, kuingitsa mbalame kumpunga, zonsezo gwirani nokha. Ndipo chonde, nkhani iliyonse yosokoneza mutu muisunge mpaka mayeso atatha."

Kenako anafotokoza dongosolo. Oyang'anira mayeso adzachokera kusukulu zina, sadziwa mwana aliyense. Mapepala adzafika ndi apolisi. Mwana aliyense wapatsidwa chitupa chokhala ndi chithunzi chake, nambala yake ndi chidindo. "Wopanda chitupa salowa, ngakhale atakhala mwana wanga wobala ndekha." Woyamba kuomba m'manja ndinali ine. (Chimene sindinkadziwa n'choti ahedi omwewo anali atawauza anawo kuti zitupazo azisunge m'thumba la yunifomu kuti asaziiwale.)

Loweruka m'mawa Agnesi atapita kukawerenga kwa mnzake, ndinaona yunifomu yake ili pamsomali kuseri kwa chitseko, kolala itada. Mawu a ahedi anandibwerera. Chibadwire ndinali ndisanachapepo chovala cha munthu wina, koma ndinati lero lokha mwanayu aone kuti ali ndi bambo. Kumjigo sindinayerekeze, amayi a pamenepo akanandiimba nyimbo. Ndinazemba kulowera kudambo, yunifomu ili m'thumba la feteleza.

Ndinaviika, kupaka sopo, kufikisa, kenako kumenyetsa pamwala ngati bulauziyo inanditukwana. Ndinatsukuluza kawiri, kufinya ndi mphamvu zanga zonse za munthu womanga masipoko, n'kukayanika kuseri kwa chisakasa changa cha njinga kuti mwanayo adzangoona zodabwitsa. Zoti munthu amayamba wapisa m'matumba asanachape, palibe anandiuzapo.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi ndinakoleza simbi ya makala. Ndikusita siketi, simbi inakhumudwa pa kanthu kolimba. Nditapisa dzanja ndinatulutsa chinthu chooneka ngati chigumu chophwanyika. Ndinachiyang'ana, nacho chinandiyang'ana ndi diso limodzi lomwe linatsala. Ndinakhala pansi pomwepo.

Munthu wanzeru akanathamangira kwa ahedi. Ine ndinaganiza ziwiri: manyazi anga, ndi lamulo lija loti mwana asasokonezedwe mutu. Komanso ndine mmisiri, anthu amabwera ndi njinga zopindika ngati chikwakwa n'kubwerera atakwera. Kapepala kokha kangandikanike?

Ndinachitambasula ndi lezala pang'onopang'ono. Ndinachipsinja ndi simbi kuti chiwongoke, ngodya imodzi inapserera. Chithunzi chinali chitamatuka, ndiye ndinachimata ndi sulushoni womatira machubu. Pankhope pa mwana wanga panatsala khutu, diso lija ndi kolala. Chidindo chinali chitasanduka kamtambo. Nambala ndinaibwereza ndi bolopeni, koma ya kumapeto sinkaoneka ngati ndi 3 kapena 8. Ndinasankha 8 chifukwa inkadzaza bwino malo. (Musandifunse, nanenso ndimadzifunsa mpaka lero.) Pomaliza ndinachikulunga m'pepala la shuga, kupinda kanayi, n'kubwezera m'thumba muja.

Agnesi atabwera anaima pakhomo, maso ali pa yunifomu.

"Ababa, mwachapa ndinu? Mpaka kusita?"

"Iwe zako n'kuwerenga."

"Nanga chitupa changa?"

"Chilimo. Ndachikulunga kuti chisade, usamachitulutsetulutse."

Anagwira thumbalo kunja, anamva kulimba, anamwetulira. "Zikomo, ababa." Zikomo ameneyo anandilasa kuposa kutukwanidwa.

Lolemba ndinamukweza pakaliyala mpaka kusukulu. Pepala loyamba linali la Chingerezi chomwecho. Ine ndinaima pampanda pamodzi ndi makolo ena, ndikupemphera kuti woyang'anirayo akhale wa maso ofooka kapena wa changu. Anali mayi wa magalasi wochokera cha ku Dwangwa, wopanda changu ngakhale pang'ono. Chitupa chilichonse ankachiyang'ana, kuyang'ana mwini wake, n'kuchonga pamndandanda.

Agnesi atafika anamasula pepala la shuga lija. Ndinaona mapewa ake akugwa. Mayi uja anachitenga ndi zala ziwiri, kuchitembenuza, mpaka kuchinunkhiza.

"Ichi n'chiyani, mtsikana iwe?"

"Chitupa changa, madamu."

"Nkhope ili kuti? Ndipo nambala iyi walemba ndani? Pamndandanda wanga nambala imeneyi ndi ya mnyamata, walowa kale." Anatembenukira kwa wapolisi amene ankalondera mapepala. "Bwana, tabwerani kuno. Uyu akuoneka kuti wabwera kudzalembera munthu wina."

 Agnesi anangotembenuka kuyang'ana kumpanda komwe ndinali, misozi ili chuchuchu. Mantha ndinali nawo, koma chisoni chinaposa. Ndinasiya njinga igwe yokha n'kuthamangira komweko.

"Bwana, mwanayu alibe mlandu! Ndachapa ndine!"

"Mwachapa chiyani, madala?"

"Chitupacho. Chinali m'thumba. Ndiye ndinachikonza."

"Nambalayi mwalemba ndinu?"

"Ndinangobwereza, bwana."

"Mwabwereza ya mwini wake. Mukudziwa kuti umenewu ndi mlandu?" Apa n'kuti dzanja lake lili kale palamba wanga, kumbuyo, thalauza itakwera mpaka m'nthiti.

Ana ena onse analowa. Belu linalira, chitseko chinatsekedwa, ndipo kudzera pawindo ndinamva mapepala akutembenuzidwa onse pamodzi. Mwana wanga anali panja, ataima yekha pakhonde ndi bolopeni m'manja.

Aphunzitsi a pasukulupo sankaloledwa kuyandikira chipindacho, choncho ahedi anali kuofesi kwawo, kutsidya kwa bwalo la mpira. Ndinawaitana mokuwa ngati munthu woitana bwato, wapolisi akundikoka. Anabwera akuthamanga, anamva nkhani, anabwereranso kukatenga buku lomwe munali chithunzi chachiwiri cha mwana aliyense. Mayi wa magalasi anayerekeza chithunzicho ndi nkhope ya Agnesi, kenako anati ahedi alembe kalata, asaine, adinde. Ine maso anali pa wotchi ya wapolisi. Pomwe chitseko chinkatsegulidwa, theka la ola linali litapita, ndipo mayi uja ananeneratu kuti nthawi sawonjezera.

Wapolisi anandisiya ahedi atandipepesera. Ahediwo anandikokera pambali, thukuta lili kamukamu.

"Bambo a Agnesi, kunyumba kwanga simukudziwa? Mukanabwera dzulo, ndikanalemba chitupa china mphindi zisanu zokha."

"Paja munati tisawasokoneze mutu, ahedi."

"Ndinati anawo! Ine ndikulemba mayeso?"

Makolo a pampanda anaseka mpaka ena kugwira m'mimba. Ine ndinakhala pansi pa mtengo kudikira, osayang'ana munthu. Agnesi atatuluka anakwera pakaliyala, ndipo mpaka kunyumba chomwe chinkamveka ndi tcheni chokha. Amake atabwerako ku Ngala anali atamva kale nkhani yonse m'matola. Zimene anandiuza sindingalembe pano.

Zotsatira zitatuluka, maphunziro ena onse anakhoza bwino. Chingerezi anangopulumuka, kuperewera pang'ono pa mlingo womwe ankafuna kusukulu ya anamwino. Mwamwayi boma linkafuna aphunzitsi ambiri chifukwa cha sukulu yaulere, ndiye analowa uphunzitsi, ndipo akuphunzitsa mpaka lero. Sanandinenepo, ngakhale tsiku limodzi.

Kwa zaka zambiri ndinkadzitonthoza kuti mwina pepalalo linali lovuta basi, kuti ngakhale akanalowa nthawi yake zikanatha chimodzimodzi. Tsiku lina atabwera kudzationa, tikusenda chinangwa pakhonde, ndinalimba mtima.

"Agnesi, pepala la Chingerezi lija, linali lovuta eti?"

Anapitiriza kusenda. "Ayi, ababa. Ndinasiya funso limodzi lokha, lomaliza. Nthawi inatha."

"Mwina linali lokukanika?"

Anandiyang'ana, n'kuseka pang'ono. "Ndinkalidziwa lonse, ababa."

Ndinaphunzira kuti ukalakwitsa, nena tsiku lomwelo, manyazi sapha munthu. Koma kunena zoona, funso limenelo ndikanakonda ndikanapanda kufunsa.