Jeki ndi Chikamwini cha pa Njuli

Mukadzamva anthu a pa Njuli akunditchula kuti "ankhoswe", musaganize kuti ndinamangitsapo banja la munthu. Dzinali ndinalipeza chifukwa cha galu, ndipo mpaka lero limandiwawa.

Mwana wanga wamkazi popita ku Joni anandisiyira kagalu kake, Pinki, kaubweya wambiri, msinkhu wosaposa tambala. Anapempha chinthu chimodzi: kabereke, kuti akadzabwera pa Khirisimasi mdzukulu wanga adzapeze kagalu kakekake. Ndinalonjeza modziguguda pachifuwa.

Kunena zoona, ndinakonzekera kuposa mmene ndinachitira ndi ana anga enieni (mayi a kunyumba akuti mawu amenewa ndiwalembe kawiri). Katemera wa chiwewe, mankhwala a njoka za m'mimba, kuchotsa nkhupakupa, mazira awiri pa sabata. Alangizi a ziweto atamuyeza anati ali bwino, koma anandichenjeza kuti mwamuna wake akhale wamng'ono ngati iye, chifukwa agalu akuluakulu a m'mudzi angamuphetse pobereka. Anawonjezera kuti akayamba kufuna mwamuna, masiku oyenera ndi ochepa. Akadutsa, ndidikira miyezi isanu ndi umodzi.

Mwamuna ndinakamupeza ku Kadewere, kwa a Muhiwa, mphunzitsi wopuma ntchito. Dzina lake Jeki. Ndinaona khadi lake la katemera, ndinamuyang'ana mano, ndinafunsa ngakhale khalidwe la makolo ake. Mpaka apa palibe angandinene.

Nthawi ya Pinki itakwana ndinaimba foni. A Muhiwa anati ndibwere naye, Jeki akudikira. Apa ndiye pamene nzeru zinandithawa. Muyenera kudziwa kuti ine ndine mkamwini. Ndinachoka kwathu ndi chikwama chimodzi, ndipo zaka makumi awiri ndi mphambu zisanu ndakhala ndikulima munda wa apongozi. Ndiye kagalu kosalima ngakhale mzere umodzi mkazi akapeze pakhomo?

"Achimwene," ndinatero, "kuno kwathu mwamuna ndiye amatsata mkazi. Jeki abwere."

Anaseka, poyesa ndi nthabwala. Kenako anafotokoza mofatsa kuti galu wamwamuna amalimba mtima pakhomo pake, kwa eni amachita manyazi. Ndinawayankha kuti inenso ndinkachita manyazi, koma ana asanu ndi awa. Foni inaduka.

Tsiku lachitatu a Muhiwa anati tikumane pakati pa njira. Ndinakana. Mayi a kunyumba anati amunyamula okha Pinki m'dengu, ine ndinabisa dengulo. Ndinatuma alamu anga kukakamba nkhaniyo mwaulemu (anapita, anadya, anabwera ali mbali ya a Muhiwa). Nthawi yonseyi agalu a m'mudzi monse anali atamanga msasa kuseri kwa mpanda wanga, ine n'kumawathamangitsa ndi ndodo, anthu opita kumsika n'kumaima kuonerera.

Patatha masiku khumi a Muhiwa anagonja. Jeki anafika pa kabaza ali m'katoni. Ine ndi chimwemwe ndinaitana anthu oyandikana nawo kuti adzaone mwambo ukulemekezedwa. Jeki anatuluka akunjenjemera, nayandikira mwaulemu. Pinki anamuyang'ana kamodzi n'kumuluma khutu. Mkwati anathawira kunsi kwa bedi langa, kumene anakhala masiku atatu, akutuluka pa nthawi ya mazira yokha.

"Musamudzudzule," anatero mayi a kunyumba anthu onse akumva. "Winanso anayamba choncho."

Alangizi anangotsimikiza zimene mudzi wonse unkadziwa kale: masiku anali atadutsa ine ndikuweruza mlandu.

Choluma kwambiri chinali foni ya Lamulungu. Mwana wanga anapereka foni kwa mdzukulu, amene anandiuza kuti dzina la kagalu kake wasankha kale. Ndinachita manyazi mpaka kuphazi. Ndinamuuza zoona, kuti agogo ake ndi amene analakwitsa, ndipo Khirisimasi imeneyi kagalu kulibe.

Ndaphunzira, abale. Ulendo wina Pinki ndidzamunyamula ndekha mpaka ku Kadewere, ndipo a Muhiwa ndawapepesa. Kungoti dzulo anandiuza kuti ana akadzabadwa, mmodzi ndi wawo. Ndinawafunsa kuti ana anayamba liti kukhala a kuchimuna. Foni yadukanso.