Mlimi Mmodzi, Mzere Umodzi

Lolemba
Bwana abwera kuchokera ku Boma. Akuti malipoti a alangizi athu kuno ku Lupembe akuwatopetsa: mlimi mmodzi yemweyo, za thonje lake pamzere uwu, za ng'ombe zake pamzere wina. "Ndikufuna mlimi mmodzi, mzere umodzi. Thonje danga lake, mpunga danga lake, ndemanga m'kati mwake. Ndidzatenga Loweruka."

Potuluka atinso ku Boma kukufunika kalaliki wochangamuka. Kumeneko kuli nyumba yamalata. Amake Chikondi atha kuchoka ku Dedza n'kudzakhala nane!

Kukopera pamanja n'kuchedwa. Nzeru yanga: kudula mizere, n'kuimata cham'mbali. Zofunika: lezala, mapepala a khaki, phala la chinangwa lomatira.

Lachiwiri
Ndikudula tsiku lonse. Ntchito ikuyenda bwino kwambiri.

Pomaliza m'pamene ndikuona. Dzina la mlimi alangizi amalilemba pamzere woyamba wokha, m'munsimo amangoika timitengo tiwiri, kutanthauza kuti "yemweyo". Tsopano ndili ndi beseni lodzaza ndi a Yemweyo. Lipoti lina palibe, kaboni inatha kalekale.

Lachitatu
Ndaitana a Gwakisa, mlangizi wamkulu, adzandithandize kuzindikira eni ake. Ayankha m'Chitumbuka: "Palije suzgo, akalaliki, alimi ŵane nkhuŵamanya." Akuwadziwadi. Koma a Lusekelo alipo atatu, onse a thonje, ndipo awiri sayankhulana.

Vuto lina: mlimi mmodzi ali ndi ndemanga zambiri za ng'ombe, danga n'limodzi. Ndikuzilumikiza motsatana. Zatuluka motere: zanenepa, zafa, zabereka, zikulima bwino. A Gwakisa akuti zonsezo n'zoona, kungoti miyezi ndi yosiyana.

Lachinayi
Pepala lakana patebulo. Ndalikweza pakhoma. Mpunga, thonje, chinangwa, mtedza, ng'ombe... pofika pa mbuzi lagunda chithunzi cha mwini dziko. Kuchichotsa sindingayerekeze. Kuchiphimba ndiye ayi ndithu!

A tcheyamani a chipani adutsa, aima pakhomo, ayang'ana khoma nthawi yaitali. "Pepala lanuli likulowera kuti?" Ndawayankha kuti likukhota. Lakhotadi. Mbuzi zadzera m'munsi, zathera kuseri kwa chitseko.

Lachisanu
Nyerere zalipeza phala. Zayambira pa chinangwa, zikupita ku mtedza. Kutentha nakonso! Ndatsegula windo kuti ndipume, mphepo ya kunyanja yalowa, timapepala tonse balala pansi. Tina ndatitola pabwalo, kamodzi nkhuku yathawa nako.

Ndikumatanso mongoganizira. Masana kwabwera Mayi Tumpale kudzafunsa za mankhwala a thonje. Amadziwa kuwerenga. Apeza dzina lawo, ndipo pambali pake: "Ali ndi nkhupakupa zambiri, apite kudibi." Ng'ombe alibe ngakhale imodzi. Atuluka akuyankhula Chinkhonde mofulumira. A Gwakisa akana kumasulira.

Loweruka
Ndavala tayi. Bwana afika mochedwa. Ayenda ndi khoma kuyambira pa mpunga mpaka kuseri kwa chitseko, manja kumbuyo. Kenaka: "Mwagwira ntchito, achimwene. Koma dzulo a ku Lilongwe aimba foni. Akuti mafomu awo sanasinthe, akufuna mbewu iliyonse pamzere wake, monga kale. Ingondipatsani malipoti aja."

Ndawalozera khoma.

Akuti ndibwezeretse zonse mmene zinalili pofika Lachitatu. Za ku Boma ndafunsa galimoto italira kale. "Tidzaona."

Lamulungu
Kutchalitchi Mayi Tumpale akhala kutsogolo kwanga, akungodzikanda pakhosi mwadala. Amayi onse a m'mzerewo akugwedezeka mapewa.

Ndabwerera ku ofesi. Kumatula n'kovuta kuposa kumata. Chala chatupa. A Lusekelo atsala awiri, wachitatu sindikudziwa kumene wapita.

Amake Chikondi ndawalembera kuti asagulitse mbuzi, ndipo munda wa kudimba aulime ndithu. Chaka chino tikumananso pa Khirisimasi.